Kodi Alipo Anakwerapo Phiri la Mickle Fell ku North Pennines?

Wongoyamba:
Moni nonse akuluakulu. Funso langa likukhudza phiri la Mickle Fell, limene lili kumpoto kwa England, m'dera la mapiri a North Pennines. Ndakhala ndikuyenda m'njira zodziwika bwino za ku Teesdale, chigwa cha mtsinje wa Tees, monga ija yopita ku mathithi a High Force, ndipo ndikafika pa damu la Cow Green ndimaona chiphiri chotambalala chakumwera, chathyathyathya pamwamba pake, koma sindinaonepo munthu akulowera kumeneko. Pamapu analemba kuti ndi lotalika mamita 788, ndipo kutalika kumeneku sikukundiopsa chifukwa ndinakwerapo mapiri ena oposa pamenepa. Ndikufuna kupitako m'mwezi wa Meyi pamodzi ndi mchemwali wanga, amene akufunanso kutenga galu wake. Chonde amene munafikako ndiuzeni njira yabwino, nthawi imene ulendowu umatenga, komanso chifukwa chake anthu ambiri oyenda m'mapiri saliyandikira phiri limeneli.

Mkulu Wandodo:
Zikomo achimwene chifukwa chofunsa musananyamuke. Tisanakambe za njira, pali nkhani ya chilolezo, ndipo imeneyi ndiyo yankho loyamba la funso lanu lomaliza lija. Mickle Fell ili m'kati mwa malo ophunzitsirako asilikali a ku Warcop, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1942, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo mpaka lero amawomberako zipolopolo zenizeni. Anthu ambiri amadziwa kuti lamulo la Countryside and Rights of Way Act la m'chaka cha 2000 linapereka ufulu woyenda wapansi m'madera ambiri a mapiri ndi zipululu ku England ndi ku Wales, ndiye amaganiza kuti phiri lililonse lopanda minda ndi lotseguka. Sizili choncho, chifukwa malo amene ali pansi pa malamulo a asilikali anachotsedwa mu ufulu umenewo.

Choncho muyenera kulumikizana ndi ofesi yoyang'anira malo a ku Warcop nthawi ikadalipo, n'kupempha chilolezo cha tsiku limene sakuwombera. Musasankhe tsiku lanu kenako n'kumapempha. Funsani kaye masiku amene alipo, kenaka mukonze zina zonse potsatira masiku amenewo. Mukapatsidwa chilolezocho muwerenge bwinobwino zimene alembapo, makamaka njira imene akuloleza, chifukwa chilolezo si ufulu woyendayenda paliponse m'deralo. Mukaona mbendera zofiira zili m'mwamba pamalire, musalowe ngakhale mutakhala ndi pepala m'thumba. Ndiponso chitsulo chilichonse chachilendo chimene mungachione pansi, kaya chadzimbiri chotani, musachikhudze kapena kuchiponda, popeza zida zina zimene zinawomberedwa kalekale sizinaphulike.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa munthu mmodzi akalowa mozemba, amaika moyo wake pachiswe, komanso amawonongera anzake onse amene amapempha mwaulemu.

Wongoyamba:
Ndathokoza kwambiri akulu. Ndilumikizana nawo sabata ino. Nanga chilolezo chikapezeka, ndilowere mbali iti? Ine ndimaganiza zoyambira pa Cow Green chifukwa ndi malo amene ndimawadziwa kale, ndipo pali poimika galimoto pabwino.

Mayi Wamapu:
Achimwene, njira zimene anthu amagwiritsa ntchito ndi ziwiri, ya kumpoto ndi ya kumwera, ndipo ine ndikukulangizani ya kumwera popeza aka n'koyamba. Imayambira pa msewu wa B6276, umene umachokera ku Brough kupita ku Middleton-in-Teesdale, pamalo okwera pamene pali malire a zigawo za Cumbria ndi County Durham. Kuchokera pamenepo pali mpanda wa waya umene umatsata malirewo kulowera kuphiri, ndipo ubwino wake ndi wakuti chifunga chikatsika mpandawo umakutsogolerani popita ndi pobwerera.

Koma musamve mawu akuti mpanda n'kuganiza kuti pali njira yolambulidwa. Chimene chimavuta pa Mickle Fell si kukwera ayi, koma nthaka imene mudutsemo musanafike patsinde pake. Dera lonselo lakutidwa ndi nthaka yakuda ya peat, yomwe ndi zomera zakale zimene sizinawolerane chifukwa cha madzi ndi kuzizira. M'malo ena nthakayi inakokoloka n'kusiya maenje ndi makwawa a m'mbali mwakuda, ena ozama kuposa msinkhu wa munthu, moti umatsikamo, n'kuyang'ana pokwerera tsidya linalo, kutulukamo, kuyenda mapazi owerengeka, n'kupezanso lina. Pakati pa makwawawo pali zitsamba za heather zofika m'mawondo, zimene zimakukakamiza kunyamula mwendo m'mwamba pa phazi lililonse, ndiponso timitumbira ta udzu timene timapendama ukatiponda, n'kukupinda kakolo ngati suli tcheru.

Chinthu chimodzi choti muphunzire msanga ndi kuwerenga mtundu wa pansi. Pamene pali ndere zobiriwira kwambiri, zosalala ngati kapinga wothiriridwa, m'pamene pali poopsa, chifukwa pansi pake pali madzi ndi matope okhaokha ndipo munthu atha kutitimira mpaka m'ntchafu. Pondani pamene pali heather kapena udzu wouma wokhakhala. Mukakayika, lasani kaye ndodo. Ikalowa mosavuta osagunda kanthu, lambalalani.

Za nthawi, anthu oyenda m'mapiri amagwiritsa ntchito chiwerengero cha William Naismith wa ku Scotland cha m'chaka cha 1892, chimene chimati ola limodzi pa makilomita asanu alionse, n'kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Mwachitsanzo, ulendo wa makilomita 12 wokwera mamita 400 ungatenge maola atatu ndi mphindi zochepa malinga ndi chiwerengero chimenechi. Koma chiwerengerochi chimayenerera munthu wamphamvu woyenda pa nthaka yolimba popanda kupuma. M'malowe onga a ku Mickle Fell liwiro limatsika mpaka makilomita awiri pa ola, ndiye nthawi imene mwapezayo muichulukitse kawiri, kenaka muwonjezerepo yopuma ndi yodyera.

Mnyamata Wakumpoto:
Amayi, ndi ulemu wonse, ine ndikuona mosiyana pang'ono. Njira ya kumwera ndi yotetezeka, zimenezo sinditsutsa, koma munthu amathera tsiku lonse akuyang'ana waya ndi matope, ndipo akabwerako amati phirilo n'losasangalatsa pamene vuto linali njira imene anasankha. Ya kumpoto ndiyo imaonetsa munthu kukongola kwa deralo. Mumayamba pa Cow Green, n'kuyenda m'mbali mwa damu mpaka pa khoma lake, pamene mtsinje wa Tees umatsika mwaphokoso pa mathithi a Cauldron Snout, ukudumphadumpha pa miyala yolimba yakuda ya Whin Sill. Mwala womwewo ndi umene unapanganso High Force kumunsi. Mukaoloka mlatho mumatsata njira yaitali ya oyenda pansi ya Pennine Way kudutsa pa famu ya Birkdale, imene ili yokhayokha kutali ndi nyumba ina iliyonse, ndipo mbali yonseyi mumayenda pa njira yolimba, moti miyendo imafika pamalowe isanatope.

Pambuyo pake mumasiya Pennine Way, kutsikira ku mtsinje wa Maize Beck, kuwoloka, n'kuyamba kukwera. Phirilo mumaliona patsogolo panu nthawi yonseyi likukula pang'onopang'ono, zimene zimalimbitsa mtima. M'mwezi wa Meyi dzuwa limalowa mochedwa, cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye kutalika kwa njirayi si vuto lalikulu. Zikanakhala kuti achimwenewa akufuna kupita mu Disembala, pamene kumada 4 koloko isanakwane, ndikanagwirizana nanu mosavuta.

Mayi Wamapu:
Zonse mwanenazo n'zoona achimwene, koma mwadutsa mofulumira pa mawu amodzi, akuti kuwoloka. Pamalo pamene njira imeneyo imadutsa Maize Beck palibe mlatho, ndipo wa Pennine Way uli kutali kumtunda, cha ku High Cup. Kukakhala kuti kwauma kwa masiku angapo, mtsinjewo umaoneka wofatsa, ndipo munthu amadutsa podumpha miyala kapena kungolowa m'madzi ofika m'akakolo. Koma madzi ake amachokera m'dera lalikulu la peat, ndipo nthaka imeneyi ikakhuta kale madzi siimwanso ena. Mvula ikagwa kumtunda, madzi onse amathamangira m'makwawa nthawi imodzi, n'kudzaza mtsinje m'maola ochepa.

Choopsa chenicheni si kulephera kuwoloka m'mawa, chifukwa pamenepo munthu amangobwerera kugalimoto ali wouma. Choopsa n'chakuti muwoloke bwinobwino m'mawa, mvula n'kugwa muli pamwamba, ndiye pobwerera madzulo mwatopa n'kupeza madzi abulauni akuthamanga, miyala ija yonse yamira, galimoto yanu ili tsidya linalo. Munthu wotopa ndi wozizidwa amene akuona njira yakwawo tsidya la mtsinje sachedwa kudzinamiza kuti madziwo si ozama.

Kwa amene angasankhebe njirayo, malangizo anga ndi awa. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo musalowemo. Musavule nsapato, popeza miyala ya m'madzi imaterera ndipo phazi lozizira silimva pamene laponda. Masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno kuti mukagwa muthe kuchitaya, yang'anani kumene madzi akuchokera, tsamirani ndodo, ndipo musunthe phazi limodzi pa nthawi osapingasa miyendo. Koma mlendo amene sanayendepo m'malo otere, ali ndi mchemwali wake amene sitikudziwa mphamvu zake, ine sindingamutumize kumeneko ulendo woyamba.

Namwino Wamapiri:
Ndikufuna kuwonjezera mbali ya thupi, chifukwa mwezi wa Meyi umanamiza anthu ambiri. Kumunsi m'zigwa kumatha kukhala kotentha bwino, koma mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo pamwamba pa zipululu zimenezi palibe mtengo, nyumba kapena thanthwe lobisalako mphepo. North Pennines ndi limodzi mwa madera ozizira kwambiri ku England, ndipo chipale chofewa chimatha kugwako ngakhale mu Meyi. Chimene chimazizitsa thupi mofulumira ndi zinthu zitatu zikakumana, kunyowa, mphepo ndi kutopa, ndipo zonse zitatu zimapezeka pa ulendo wonga uwu ngakhale tsiku limene kulibe chisanu chenicheni.

Zizindikiro zake muzidziwe ndipo muziyang'anirana. Munthu amayamba kunjenjemera, kenaka amapunthwa pafupipafupi, zala zimakanika kutseka zipi, mawu amatuluka molemera, ndipo amasiya kulankhula kapena kuyamba kuyankha mosagwirizana ndi funso. Mwiniwake kawirikawiri sadziwa kuti zinthu zavuta, ndipo amaumirira kuti ali bwino. Mukaona zimenezi imani, m'chotseni pamphepo ngakhale potsikira m'khwawa louma la peat, m'khazikeni pa chikwama osati pa nthaka yonyowa, m'vekeni zouma, ndipo ngati akutha kumeza bwinobwino m'patseni chakumwa chotentha ndi chakudya cha shuga. Munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera koma asanafundidwe, sikuti wachira. Zafika poipa ndipo pafunika thandizo mwamsanga.

Pa zovala, pewani za thonje monga jinzi, chifukwa zikanyowa zimamatirira pathupi ndipo siziuma. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, za ubweya kapena za ulusi wouma msanga, jekete ndi thalauza zosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi. Sokosi zouma muziike m'thumba la pulasitiki pansi pa chikwama. Tengani tochi ngakhale mukuganiza zobwerako masana, wezulo, ndi thumba lija lopepuka lolowamo munthu pakachitika ngozi. Mukabwerako mudziyang'ane thupi lonse ngati muli nkhupakupa, makamaka kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno, chifukwa zimapezeka kumene kuli nkhosa ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme.

Mnyamata Wakumpoto:
Pa nkhani ya mtsinje ndavomera kuti munthu ayenera kuyang'ana mvula ya masiku apitawo, osati ya tsiku lokhalo. Koma pa za kusochera ndikuona ngati tikuwaopseza kwambiri achimwenewa. Masiku ano foni imaonetsa pamene munthu waima ngakhale m'chifunga, ndipo mapu a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu ku Britain, ukawasungiratu mufoni amagwira ntchito ngakhale kulibe netiweki. Munthu amene sadziwa kugwiritsa ntchito kampasi, kampasiyo siingamuthandize kanthu ngakhale ataitenga.

Mayi Wamapu:
Mfundo yanu yomalizayo ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake ndikuti aphunzire asanapite, osati aisiye. Foni nanenso ndimaigwiritsa ntchito, ndipo potsimikiza pamene ndaima palibe chida choiposa. Vuto lake ndi lakuti batire limatha msanga kukazizira, galasi lake likanyowa silimva chala, ndipo foni yomweyo ndi imene mudzaifuna poitanitsa thandizo. Choncho isungeni m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, muzimitse zonse zodya batire, ndipo ntchito yoyendera ya tsiku lonse muisiyire mapu a pepala a 1:25,000 otsekeredwa mu pulasitiki.

Chimene chimasocheretsa anthu m'zipululu zotere n'chakuti paliponse pamafanana. M'chifunga umaona mamita makumi awiri okha a udzu ndi heather mbali zonse, ndipo nthawi iliyonse ukalambalala dzenje kapena dambo umapatuka pang'ono osadziwa, mpaka kupezeka ukulowera kumene wachokera uli wotsimikiza kuti ukulondola. Kampasi imathetsa zimenezi ngati uikhulupirira kuposa maganizo ako. Mukakhala awiri, mmodzi atsogole mpaka pamene akuonekera mwachizimezime, winayo amuwongole ndi kampasi kuti aime pa mzere weniweni, kenaka amupeze n'kubwerezanso. Dziwaninso kuchuluka kwa mapazi amene mumaponda pa mamita 100, kuti muzitha kuyeza mtunda mopanda kuona. Zimenezi mungaziyese pa chitunda chilichonse chapafupi, tsiku lowala bwino, musanazifune pa Mickle Fell.

Zikavuta, imbani 999, pemphani apolisi, kenaka nenani kuti mukufuna gulu lopulumutsa anthu m'mapiri. Magulu amenewa ndi a anthu ongodzipereka, ndipo kuti akufikeni pamalo akutali chonchi pamatenga maola, n'chifukwa chake zovala zofunda zija n'zofunika. Lembetsanitu foni yanu potumiza mawu akuti register ku 999, kuti muthe kutumiza uthenga wolemba pamene netiweki ili yofooka moti simungathe kuimba. Chizindikiro cha wezulo chopempha thandizo ndi kuliza kasanu n'kamodzi, kudikira mphindi imodzi, n'kubwereza.

Wokonda Mbalame:
Palibe amene wayankhapo za galu, ndiye ndiloleni ndilankhulepo mosabisa: galuyo atsale kunyumba. Mwezi wa Meyi ndi pakatikati pa nyengo yoswa mbalame, ndipo mbalame za m'zipululu zimenezi zimaikira mazira pansi, pa udzu, popanda chitetezo china koma kubisala. Kuli curlew, ya mlomo wautali wokhota, imene chiwerengero chake chatsika kwambiri ku Britain. Kuli golden plover, lapwing, ndiponso black grouse, imene ku England yatsala makamaka ku North Pennines konkuno. Galu safunika kugwira mbalame kuti awononge. Akangoidzidzimutsa n'kuuluka, mazira amatsala pamphepo n'kuzizira, ndipo akhwangwala amene amayang'anira ali m'mwamba amaona pamene yadzukira. Ngakhale m'malo otseguka kwa aliyense, lamulo limati kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julayi galu akhale pa chingwe chosapitirira mamita awiri, ndiponso nthawi ina iliyonse pafupi ndi ziweto, ndipo eni malo osakirako grouse ali ndi mphamvu yoletseratu agalu. Nyengo yomweyo nkhosa zimakhala ndi ana ang'onoang'ono. Inunso mbalame ikamazungulira pamutu panu ikulira mosalekeza, dziwani kuti chisa kapena anapiye ali pafupi, ndipo pitirirani osaima.

Ndikufunanso kunenapo za nthaka imene anzangawa aifotokoza ngati chopinga. Ndi chopingadi kwa woyenda, koma ndi chuma chachikulu cha deralo. Peat imakula pafupifupi milimita imodzi yokha pa chaka, kutanthauza kuti khoma la khwawa lotalika mamita awiri limene mukukwerapo ndi ntchito ya zaka pafupifupi 2,000. Ndere zija zobiriwira, zotchedwa sphagnum, ndizo zimaipanga. Zimasunga madzi ochuluka kwambiri kuposa kulemera kwake, ndipo nthakayo imatsekera kaboni amene akanakhala mumpweya. M'zaka za m'ma 1900, makamaka nkhondo yachiwiri itatha, anthu anakumba ngalande zambiri m'zipululuzi pofuna kuumitsa nthaka kuti ziweto zipeze msipu, ndipo zotsatira zake zinali kukokoloka kumene mukuona. Lero ntchito yaikulu ikuchitika yotseka ngalandezo ndi kubwezeretsa zomera pamene panatsala poyera. Mukaona timadamu ting'onoting'ono totseka ngalande, musapondepo ngati mlatho. Musagumule m'mbali mwa makwawa potsika, ndipo moto wa mtundu uliwonse, ngakhale ndudu, usayatsidwe, chifukwa peat youma ikagwira moto imanyeka mpaka pansi kwa masiku ambiri.

Wongoyamba:
Za galu ndamva, ndipo ndimuuza mchemwali wanga lero lomwe. Koma ndifunse moona mtima akuluakulu. Mwatchula chilolezo, matope, mtsinje, kuzizira ndi chifunga, ndipo palibe amene wanena chimene munthu amakapeza pamwambapo. Kodi ulendowu ndi woyeneradi khama lonseli, kapena ndi wa anthu okhawo amene amafuna kumaliza mndandanda wa mapiri?

Mkulu Wandodo:
Funso limeneli ndi labwino achimwene, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, n'koyenera, koma osati kwa aliyense. Amene amafuna matanthwe osongoka ndi maphompho ochititsa chidwi apite ku Lake District, sadzakhumudwa. Mickle Fell imapereka chinthu china. Mukamaliza chitunda chomaliza, chomwe ndi chachifupi koma chotsetsereka ndithu, nthaka imasintha mwadzidzidzi: matope aja amatha, n'kuyamba udzu waufupi wolimba umene nkhosa zadya, ndipo mumayenda momasuka pa msana wautali wa phirilo mpaka pa mulu waukulu wa miyala umene uli pansonga. Dziwani kuti chipilala cha konkire cha oyeza mapu sichili pansonga yeniyeni. Chili chakum'mawa, pamalo otsikirako, ndiye musachitenge ngati pothera ulendo.

Kukakhala kowala, chakumpoto cha kumadzulo mumaona Cross Fell, phiri lalitali kuposa onse a Pennines, la mamita 893, ndi loyandikana nalo la Great Dun Fell limene lili ndi chimpira choyera cha makina oyang'anira ndege pamwamba pake. Kumpoto kuli madzi a Cow Green, ndipo kumadzulo kutali kuli mapiri a Lake District. Koma chimene chimandikhudza ine ndi kukula kwa malo opanda msewu, opanda mudzi, opanda munthu, m'dziko lodzaza anthu ngati England. Malo otere atsala ochepa kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti munthu amene wafikako ndi miyendo yake amawamvetsa ndi kuwalemekeza mosiyana ndi amene wangowaona pazithunzi.

Phirili lilinso ndi mbiri yake. Kwa zaka mazana ambiri linali malo okwera kwambiri m'chigawo chonse cha Yorkshire, mpaka m'chaka cha 1974 pamene malire a maboma anasinthidwa ndipo dera limeneli linaperekedwa ku County Durham. Kuyambira pamenepo lakhala nsonga yaitali kwambiri ya County Durham, pamene ku North Yorkshire ulemu umenewo uli ndi Whernside ya mamita 736. Anthu ambiri a ku Yorkshire amaliwerengabe ngati lawo, ndipo n'chifukwa chake mwa ochepa amene amapempha chilolezo, ambiri ndi amene amayendera nsonga za zigawo zakale. M'chaka cha 1944 ndege ya nkhondo ya mtundu wa Stirling inagwa paphiri limeneli ndipo ambiri mwa amene analimo anamwalira, choncho ndi malo oyenera kuyendapo mwaulemu.

Wokonda Mbalame:
Popeza mukupita mu Meyi, pali chinthu china chimene simuyenera kuchiphonya, ngakhale mutachipatsa tsiku lakelake. Kumtunda kwa Teesdale kumamera kaduwa kakang'ono kobiriwira ngati thambo, kotchedwa spring gentian, kamene ku Britain konse kamapezeka kudera lino lokha, ndipo kamachita maluwa kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni. Ndi kamodzi mwa zomera zimene zakhala pano kuchokera pamene madzi oundana anasungunuka zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo zina mwa izo zimamera pa mwala wa laimu wofumbutuka ngati shuga wa ku Widdybank Fell ndi Cronkley Fell. Pamene damu la Cow Green linkamangidwa, pakati pa 1967 ndi 1971, kuti lipereke madzi ku mafakitale a ku Teesside, akatswiri a zomera analimbana nalo kwambiri chifukwa madziwo anamiza mbali ina ya malo a zomerazi. Kaduwako mungakaone muli m'njira ya m'mbali mwa damu, osapondaponda udzu, ndipo kamatseguka bwino dzuwa likawala.

Mnyamata Wakumpoto:
Pamenepa ndiye tagwirizana tonse mosayembekezera. Achimwene, pitani kaye ku Cow Green tsiku wamba, muone maluwawo, mutsike ku Cauldron Snout, mupitirire Birkdale potsata Pennine Way, ndipo mukaone Maize Beck ndi maso anu osawoloka. Musapatuke pa Pennine Way tsiku limenelo, popeza zikwangwani za asilikali zili pafupi. Mukatero mudzadziwa nokha ngati njira ya kumpoto ndi yanu chaka china.

Wongoyamba:
Ndathokoza nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndachita chisankho chotere. Ndiyamba ndi kupempha masiku a chilolezo, ndipo podikira ndiyeserera kampasi pamodzi ndi mchemwali wanga pa zitunda zosavuta, komanso tikayenda mbali ya Cow Green monga mwanenera. Tsiku lenileni tidzalowera kumwera, pa msewu wa B6276, opanda galu, ndipo tidzanyamuka m'mamawa. Funso langa lotsiriza ndi lakuti, chilolezo chikapezeka koma nyengo n'kukhala yokayikitsa, kodi ndingadziwe bwanji kuti ndisiye?

Mayi Wamapu:
Werengani zanyengo za m'mapiri, osati za m'tauni; a Mountain Weather Information Service amalemba za dera la Yorkshire Dales ndi North Pennines, ndipo amanena mphamvu ya mphepo pamwamba ndi msinkhu umene mitambo idzatsikire. Akanena kuti mitambo idzakhala pansi pa mamita 700 tsiku lonse, kapena kuti mphepo idzavutitsa kuyenda, siyani n'kupemphanso tsiku lina, ngakhale kudikirako kutakhala kwa miyezi. Musananyamuke gwirizanani ola lobwerera, ndipo olalo likakwana mubwerere pamene mwafikapo, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Siyaninso uthenga kwa munthu wodalirika wonena pamene mwaimika galimoto, nambala yake, njira imene mwatsata, ndi nthawi imene ayenera kuimbira apolisi ngati sanamve kwa inu, ndipo mukangofika pamene pali netiweki mumuimbire kuti mwatsika.